RCSB Protein Data Bank: kumene ndimakaonera mapuloteni olumikiza umuna ndi dzira

Ndimaphunzitsa Bayoloje, ndipo pa mutu wa kubereka mabuku ambiri amadumpha pamalo penipeni pofunika. Chithunzi choyamba umuna ukusambira, chachiwiri wafika pa dzira, chachitatu mutu wake uli kale m'kati. Zomwe zachitika pakati pa chachiwiri ndi chachitatu amangoti "zaphatikizana". Komatu maselo saphatikizana chifukwa chongogundana. Selo lililonse lakutidwa ndi nembanemba ya mafuta, ndipo nembanemba ziwiri zikayandikana kwambiri zimakankhana, pakati pake pamatsala madzi amene sachoka okha. Pamafunika mapuloteni oti agwire uku ndi uku, akoke, mpaka mafuta a mbali ziwirizo asakanikirane. Webusaiti ya RCSB Protein Data Bank, ya pa rcsb.org, ndi kumene ndimakaonera mapuloteni amenewa m'maonekedwe awo enieni, kuwatembenuza ndi kuwasuzumira m'kati. Ndikuiyamikira ndi mtima wonse kwa mphunzitsi, kwa wophunzira udokotala kapena unamwino, ndi kwa aliyense amene mawu akuti "zaphatikizana" samukwanira.

Protein Data Bank ndi nkhokwe yakale ndithu. Inayamba mu 1971 ku Brookhaven National Laboratory ku America, ili ndi mapuloteni 7 okha. Mu 2023 zosungidwamo zinapitirira 200,000. Nkhokweyo ndi imodzi pa dziko lonse koma ili ndi makomo angapo: RCSB ku America, PDBe ku Ulaya, PDBj ku Osaka. Asayansi akapeza kaumbidwe ka puloteni, kaya pogwiritsa ntchito X-ray pa makristalo ake kaya ndi maikulosikopu ya ma elekitironi, amatumiza kumeneko malo a atomu iliyonse, ndipo ntchitoyo imapatsidwa chizindikiro cha zilembo ndi manambala zinayi. Kuona ndi kutenga mafayilo n'kwaulere, sakufunsani ngakhale kulembetsa dzina.

Lembani 5F4E m'bokosi lofufuzira. Chimene chituluke ndi Izumo1 ya munthu, puloteni ya pa umuna, itagwirana ndi Juno, puloteni ya pa dzira. Gulu la Jeffrey Lee ku University of Toronto ndi lomwe linapeza kaumbidweka mu 2016, ndipo chaka chomwecho gulu la Toshiyuki Shimizu ku University of Tokyo linatulutsa zake, zomwe mungazione pa 5JKC. Tsamba loyamba limakuuzani amene anagwira ntchitoyo, njira yomwe anatsata, ndi kuchuluka kwa tsatanetsatane wooneka. Pa 5F4E alembapo ma angstrom 2.4. Angstrom imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 10 biliyoni a mita, ndipo nambalayo ikamachepa ndiye kuti chithunzicho n'chakuthwa. Pa 2.4 munthu amatha kuona mmene amino asidi aliyense, kachidutswa komangira puloteni, wayang'anira.

Mukadina pa Structure pamatseguka pulogalamu yoonera yotchedwa Mol*, yomwe imayenda m'bulauza momwemo popanda kuika china chilichonse pa kompyuta. Apa ndi pamene ndimachedwapo. Izumo1 ndi yaitali, yowonda. Kumutu kwake kuli timizere tinayi topotana, timene akatswiri amati ma helix, titamangidwa pamodzi. Kutsinde, kufupi ndi pomwe imamera pa nembanemba ya umuna, kuli chigawo chofanana ndi cha ma antibody, mapuloteni oteteza thupi ku matenda. Pakati pa ziwirizi pali kamfundo kopyapyala, ndipo Juno, yomwe ndi yobulungira, imagwira cha pakamfundopo, m'mbali, osati kunsonga monga mmene munthu angayembekezere. Izumo1 imodzi pa Juno imodzi. Gulu la ku Toronto linaona kuti Izumo1 ikakhala yokha imakhala yopindika pakati, koma ikagwirana ndi Juno imawongoka. Mukatsegula 5F4T, pomwe Izumo1 ili yokha, n'kuyerekeza ndi 5F4E, kusiyanako mumakuona ndi maso anu.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri pa Mol* n'chakuti pamwamba pa chithunzicho pali mndandanda wa ma amino asidi onse, ndipo mukadina pa chilembo chimodzi chithunzi chimayandikira pomwepo n'kukuonetsani anansi ake ndi timizere todukaduka tosonyeza kugwirana kwawo. Yesani amino asidi wotchedwa tryptophan wa nambala 148 pa Izumo1, kenaka tryptophan ya nambala 62 pa Juno. Onse awiri ali pakati penipeni pa malo ogwiranawo, ndipo ofufuza atawasintha ndi ma amino asidi ena kugwirana kunafooka kwambiri. Kachidutswa kakang'ono chotero, koma kubereka kwa munthu kwatsamira pamenepo. Chenjezo limodzi pa manambala: puloteni ya mu kristalo nthawi zambiri imakhala yodulidwa, motero kawerengedwe kamakhala kawiri. Mukalozetsa mausi pa amino asidi, nambala yolembedwa pafupi ndi mawu akuti auth ndi imene imagwirizana ndi zomwe ofufuzawo analemba m'malipoti awo. Ophunzira anga ndimawauza zimenezi tisanayambe n'komwe, apo ayi amakafufuza tryptophan pamalo pomwe palibe.

Mbiri ya mapuloteni awiriwa imathandiza kumvetsa zomwe mukuyang'anazo. Izumo1 inapezeka mu 2005 ku Osaka University, pa ntchito ya Naokazu Inoue ndi Masaru Okabe. Mbewa zazimuna zopanda puloteniyi zimakwera zazikazi bwinobwino, umuna wake umasambira, umaboola chikuta chakunja cha dzira chotchedwa zona pellucida, kenaka umangounjikana pakati pa chikutacho ndi nembanemba ya dzira, osalowa. Panadutsa zaka 9 mnzake wa pa dzira asanapezeke. Enrica Bianchi ndi Gavin Wright a ku Sanger Institute ku England ndi amene anamupeza mu 2014: puloteni yomwe kale inkadziwika kuti folate receptor 4, ngakhale kuti folate, mtundu wa vitamini, siimugwira n'komwe. Anaitcha Juno. Mbewa zazikazi zopanda Juno sizibereka. Anaonanso kuti pakangopita mphindi pafupifupi 40 dzira litalandira umuna, Juno imakhala itathothoka pa nembanemba, zomwe zimathandiza kuti umuna wachiwiri usapeze pogwira. Ndipo pali kankhani kena kamene ndimakakonda: Izumo1 ya munthu imagwira Juno ya hamster, kanyama kofanana ndi mbewa, koma ya mbewa ayi. N'chifukwa chake umuna wa munthu umatha kulowa m'dzira la hamster lochotsedwa chikuta, njira yomwe madokotala akhala akuigwiritsa ntchito poyeza mphamvu ya umuna.

Tsopano apa ndi pamene ndimaona kuti webusaitiyi imaphunzitsa kuposa buku. Mukaiyang'anitsitsa 5F4E, mufunefune mbali yomwe ingalase nembanemba ya dzira n'kuikoka. Simuipeza. Juno siiboola n'komwe nembanemba yake yomwe, yangomangiriridwa kunja ndi kachingwe ka shuga ndi mafuta kotchedwa GPI. Asayansi ataika Izumo1 pa maselo wamba a mu labu, maselowo anamatirira pa dzira mwamphamvu koma sanalowe. Choncho chomwe mukuonacho ndi kugwirana, sikusakanikirana kwa nembanemba. Mu 2023 gulu la Benjamin Podbilewicz ku Technion, mumzinda wa Haifa, linanena kuti Izumo1 payokha imatha kuphatikiza maselo a mu labu, koma asayansi sanagwirizanebe kuti puloteni imene imamaliza ntchitoyi mwa anthu ndi nyama zoyamwitsa ndi iti. Ine sinditenga zimenezi ngati chofooka cha webusaitiyi. Mwana akaona yekha kuti chinthu chimene aliyense wa ife anayambirapo chikadali ndi funso losayankhidwa, sayansi amayamba kuiona ngati ntchito yomwe ikuchitika, yomwe nayenso angadzalowemo.

Kuti muone puloteni yomwe imaphatikizadi nembanemba, muyenera kuchoka kwa anthu n'kupita ku ndere. Lembani 5MF1. Iyi ndi HAP2, imene ena amaitcha GCS1, yochokera ku Chlamydomonas reinhardtii, ndere ya selo limodzi yosambira ndi timichira tiwiri. Ntchito ya HAP2 pa kubereka inadziwika mu 2006 pa zomera zamaluwa, pomwe umuna wa mu mungu wopanda puloteniyi umafika pa dzira koma osaphatikizana nalo. Mu 2008 zinaoneka kuti ndi chimodzimodzi pa Chlamydomonas ndi pa Plasmodium, kachilombo koyambitsa malungo. Kaumbidwe kake kanatuluka mu 2017 kuchokera ku gulu la Félix Rey ku Institut Pasteur ku Paris, mogwirizana ndi William Snell.

Pa Mol* HAP2 siifanana ndi Izumo1 ngakhale pang'ono. Ndi mapuloteni atatu ofanana ataimirira pamodzi, iliyonse ili ndi zigawo zitatu zopangidwa makamaka ndi timizere tathyathyathya togonerana. Kunsonga kwa chigawo chachiwiri, chomwe ndi chachitali, kuli timalupu todana ndi madzi, ndipo timeneti ndi timene timalowa m'mafuta a nembanemba ya selo linalo. Tsinde la puloteniyo lazikika m'nembanemba ya mwini wake. Ikalasa choncho, HAP2 imadzipinda ngati mpeni wa m'thumba umene ukutsekedwa, nsonga ndi chigwiriro kubwera pamodzi, ndipo popeza nsonga yagwira nembanemba ina, tsinde lagwira inayo, ziwirizo zimakokedwa mpaka kukhudzana. Chomwe 5MF1 ikuonetsa ndi mmene imakhalira itapinda kale, ntchito itatha. Pansonga mudzaona timizere todukaduka m'malo mwa riboni yolimba. Pamenepo Mol* ikukuuzani moona mtima kuti mbali imeneyo sinaoneke mu kristalo. Gulu la Timothy Springer ku Boston linadzaonetsa nsongazo bwino mu 2018.

Chida chomwe ndimachiika pamwamba pa zonse pa webusaitiyi ndi Pairwise Structure Alignment, chopezeka pansi pa Analyze. Mumalemba zizindikiro ziwiri, mumasankha njira yoyerekezera, ndipo icho chimasanjika puloteni imodzi pamwamba pa inzake. Ikanipo 5MF1 ndi 1OK8. Yachiwiriyi ndi puloteni ya kunja kwa kachilombo koyambitsa dengue, imene kachilomboko kamalowera nayo m'maselo a munthu. Mndandanda wa ma amino asidi a ziwirizi ndi wosiyana kwambiri moti poyerekeza zilembo zokha ubale wake unali wovuta kuuzindikira. Koma pa chithunzi zigawo zitatu zija zimagwera m'malo ofanana, ndipo kapindidwe kake ndi kamodzi. Sankhani njira ya jFATCAT yolola kupindika, chifukwa zigawozo sizinapendekeke mofanana ndendende, ndipo njira youma imaonetsa ubalewo mochepa kuposa mmene ulili. Dengue, Zika ndi yellow fever zonse zimagwiritsa ntchito makina a mtundu umenewu. Kanyongolotsi kotchedwa Caenorhabditis elegans kali ndi yake, EFF-1, imene imaphatikiza maselo a khungu lake, ndipo ili pa 4OJC. Mu 2022 inapezekanso ina mwa tizamoyo ta selo limodzi totchedwa Archaea, anaitcha Fsx1. Banja lonseli amalitcha fusexin. Kaya mavairasi ndi amene anatenga puloteniyi kwa maselo akale, kaya maselo ndi amene anatenga kwa mavairasi, nkhaniyo ikukambidwabe. Koma mfundo yakuti duwa limabereka ndi chida chofanana ndi chimene vairasi amadwalitsira nacho munthu simungaimve kukoma kwake powerenga chabe. Muyenera kuona zithunzi ziwirizo zitalowana, n'kuzitembenuza nokha.

HAP2 ili ndi mbali ina imene imandikhudza mtima. Tizilombo ta malungo timaberekana m'mimba mwa udzudzu. Udzudzu ukayamwa magazi a munthu wodwala, maselo aamuna ndi aakazi a Plasmodium amakumana mmenemo, ndipo laamuna limadalira HAP2 kuti liphatikizane ndi laakazi. Popanda HAP2 ulendo wa kachilomboko umathera pomwepo, udzudzuwo sungapatsirenso munthu wina. Anthu ndi nyama zonse za msana tilibe HAP2, motero katemera wolimbana nayo sangasokoneze kubereka kwathu. Ofufuza asonyeza kale kuti ma antibody ogwira HAP2 amachepetsa kufala kwa tizilomboti mu udzudzu. Kuti katemera wotere apangidwe bwino pafunika kudziwa mbali ya puloteniyo imene ili poyera ndi imene singasinthe popanda kuwonongeka, ndipo zimenezo zimaoneka pa kaumbidwe. Chodabwitsa china, gulu la Luca Jovine ku Karolinska Institutet ku Sweden linapeza mu 2016 kuti ma helix anayi a Izumo1 amafanana ndi SPECT1, puloteni imene Plasmodium amagwiritsa ntchito podutsa m'maselo a munthu.

Kubwerera kwa anthu, Izumo1 ndi Juno sizili zokha. CD9, ya pa dzira, inadziwika kale mu 2000, ndipo kaumbidwe kake kali pa 6K4J, ma helix anayi oboola nembanemba. Kuyambira cha m'ma 2020 mndandanda wa mapuloteni a pa umuna ofunika pa ntchitoyi unakula msangamsanga: SPACA6, TMEM95, SOF1, FIMP, DCST1 ndi DCST2. TMEM95 inayamba kudziwika pa nkhunzi za ng'ombe za mtundu wa Fleckvieh zimene umuna wake unkaoneka wabwinobwino koma osapatsa bere. Mukafufuza SPACA6 ndi TMEM95 pa webusaitiyi mupeza makristalo a 2022, ndipo mukawasanjika pa Izumo1 ndi chida choyerekezera chija muona kuti ma helix akumutu aja akubwerezedwa. Ndi apachibale.

Kuyambira 2022 RCSB inayamba kuonetsanso mapuloteni amene kaumbidwe kake kanangowerengeredwa ndi kompyuta, ambiri ochokera ku AlphaFold, pulogalamu yolosera kaumbidwe ka mapuloteni, m'nkhokwe ya DeepMind ndi EMBL-EBI. Pafupi ndi bokosi lofufuzira pali kabatani kololeza kapena kuletsa zimenezi, ndipo zotsatira zake zimakhala ndi chizindikiro chosiyana ndi za mu labu. Ndimayamikira kuti sanazisakanize mwachisawawa. Pa zongowerengeredwazi mtundu uli ndi tanthauzo: buluu wakuda ndi pomwe kompyutayo ili ndi chikhulupiriro choposa 90 pa 100, buluu woyera 70 mpaka 90, chikasu 50 mpaka 70, ndipo olenji ndi pansi pa 50, pomwe simuyenera kumangapo mfundo iliyonse. Izumo1 ya munthu yathunthu ili ndi ma amino asidi 350, pomwe kristalo ili ndi gawo lakunja lokha. Pa chithunzi cha AlphaFold mumaiona yonse, pamodzi ndi mbali yoboola nembanemba ndi mchira wa m'kati mwa selo, koma mchirawo suli ndi buluu wakuda uja, ndipo tanthauzo lake muyenera kulikumbukira.

Sindikunyoza zowerengera za kompyuta. Mu 2024 gulu la Andrea Pauli ku IMP ku Vienna linagwiritsa ntchito AlphaFold kufufuza mapuloteni a pa umuna amene angagwirane, ndipo linapeza kuti Izumo1, SPACA6 ndi ina yotchedwa TMEM81 zimapanga gulu la zitatu. Linakayesa pa nsomba za zebrafish, pa mbewa ndi pa mapuloteni a anthu, ndipo zinatsimikizika kuti nsomba ndi mbewa zazimuna zopanda TMEM81 sizibereka. Nsomba zilibe Juno. Dzira lake lili ndi puloteni ina yosiyaniratu, Bouncer, yomwe gulu lomwelo linaipeza mu 2018, ndipo iyo imagwira pa mpata wa pakati pa Izumo1 ndi SPACA6. Mbali ya umuna yasungika chimodzimodzi kuyambira ku nsomba mpaka kwa anthu, pomwe mbali ya dzira inasintha. Kompyuta inaloza njira, koma chomwe chinakhazikitsa mfundoyo ndi nsomba ndi mbewa zosabereka zija.

Pali zinthu zimene munthu ayenera kuzidziwa asanakhulupirire kwambiri zomwe akuona, ndipo zambiri mwa izo ndi malire a njira zasayansizo, osati a webusaiti. Puloteni ya mu kristalo yauma pa kaimidwe kamodzi, pomwe pa selo lamoyo imagwedezeka, imasuntha, imasonkhana ndi zinzake. Izumo1, mwachitsanzo, imabisika m'kati mwa kathumba ka kumutu kwa umuna kotchedwa acrosome, ndipo imatulukira poyera kathumbako kakaphulika, kenaka n'kusamukira chapakati pa mutuwo, pomwe kuphatikizana kumayambira. Zonsezi palibe pa chithunzi. Nembanemba nazonso palibe, muyenera kuziika nokha m'maganizo, ina kutsinde kwa Izumo1, ina kumbuyo kwa Juno. Mitundu yowalayo ndi yongopaka kuti tisiyanitse zigawo. Ndipo si ntchito zonse zosungidwamo zili zolimba mofanana. Tsamba lililonse lili ndi kachithunzi ka mizere yoyambira kofiira kukathera kwa buluu, kosonyeza mmene ntchitoyo ikuimira poyerekeza ndi zina zonse. Muzikayang'ana.

Webusaitiyi inamangidwira akatswiri, ndipo chilankhulo chake ndi Chingerezi chaukatswiri. Wongoyamba kumene ndi bwino ayambire ku PDB-101, gawo lake lophunzitsira, kumene kuli nkhani zofotokoza mmene makristalo amaperekera chithunzi ndi mmene mungawerengere nambala ya ma angstrom, komanso Molecule of the Month imene David Goodsell anaiyambitsa mu 2000, yokhala ndi zojambula zomveka ngakhale kwa mwana wa sekondale. Mol* imatseguka pa foni, ndipo kutembenuza puloteni ndi chala kumatheka, koma kusankha amino asidi mmodzi kapena kuyeza mtunda wa pakati pa ma atomu awiri kumafuna sikirini yaikulu ndi mausi.

Pophunzitsa, ine ndimakonzeratu zinthu intaneti ikadalipo. Mol* imalola kujambula chithunzi chakuthwa cha kaimidwe kalikonse komwe mwasankha, kusunga kakanema ka puloteni ikuzungulira, ngakhalenso kutulutsa fayilo ya STL kwa amene ali ndi makina osindikiza zinthu zogwirika. Mafayilo a ma atomu enieniwo ndi aang'ono, amatsika msanga, ndipo mukawasunga mumawatsegula ndi mapulogalamu a ChimeraX kapena PyMOL popanda intaneti. Palibe chiletso pa kuwagwiritsa ntchito m'kalasi kapena m'zolemba zanu, kungoti ndi ulemu kutchula ofufuza amene anagwira ntchitoyo, ndipo mayina awo ali pa tsamba loyamba lija. Pa phunziro la ola limodzi mafayilo atatu amakwana: 5F4E, 5MF1 ndi 1OK8. Ndimayamba ndi 5F4E n'kuwafunsa ophunzira kuti andilozere mbali yomwe ingakoke nembanemba ya dzira, ndimawasiya afufuze kwa mphindi zingapo, kenaka ndiye ndimatsegula HAP2.